Dripi Imene Iutsa Wodwala Msanga, ndi Ngongole Imene Isiya m'Mafupa

Amuna ambiri a kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume m'boma la Chadiza, amene agwira nchito ku migodi ya Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Solwezi, aidziwa bwino foni ija ya usiku yocokera kumudzi. Foni yotere sibwera ndi moni wokha ai. Ibwera ndi mbiri ya matenda, ndipo pothera pace pali pempho la ndalama. Mwamuna amene ali kutali sangathe kunyamula wodwala kapena kumphikira phala. Gawo lace ndilo kutumiza ndalama ndi kugula mankhwala. Cifukwa cace kuyenera kuti iye adziwe cimene alikugula. Nkhani ya lero iri ya mankhwala amphamvu ndithu ochedwa steroid, amene madokotala apereka m'dripi kwa odwala nthenda ina ya mitsempha, ndi za zipsera zimene mankhwalawo akhoza kusiya m'thupi wodwala atatuluka kale m'cipatala.

Dzina la nthendayo ndi multiple sclerosis, ndipo m'Cinyanja iribe dzina. Munthu wa ku mgodi adzaimvetsa msanga akakumbukira waya wa magetsi. Waya akutidwa ndi mphira, ndipo mphirawo ukanyotsoka magetsi ataika panjira, nyali ingophethira kapena kuzimiratu. Mitsempha imene itenga mau kucokera ku bongo kunka ku maso, ku manja ndi ku miyendo nayonso iri ndi cokuta cace ca mafuta. M'nthenda iyi asilikari a thupi, amene nchito yao ndiyo kumenyana ndi tizirombo ta matenda, asokonezeka nayamba kudya cokuta cimeneci m'bongo, m'mitsempha ya maso ndi m'cingwe ca m'kati mwa msana. Amene anaifotokoza bwino poyamba ndiye Jean-Martin Charcot, dokotala wa ku Paris, m'caka ca 1868. Ndipo powerenga m'caka ca 2020 anapeza kuti anthu 2.8 miliyoni pa dziko lonse lapansi anali nayo. Igwira makamaka a zaka 20 kufikira 40, ndiponso akazi koposa amuna.

Kwa zaka zambiri madokotala anali kuyesa kuti iyi ndi nthenda ya Azungu a ku maiko ozizira. Dokotala Geoffrey Dean, amene anaifufuza ku South Africa nalemba zimene anapeza m'caka ca 1967, anaona kuti inali yocuruka pakati pa Azungu obadwira ku Ulaya koposa Azungu obadwira komweko, ndi kuti pakati pa anthu akuda inali yosowa kwambiri. Nzoona kuti kuno siicuruka. Koma nthenda imene ifuna makina a MRI kuti ioneke siingawerengedwe bwino m'dziko limene makinawo ali m'zipatala zazikulu zocepa zokha. M'caka ca 2018 anayamba kuphunzitsa madokotala a matenda a bongo ndi mitsempha pa University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo oyamba anatsiriza maphunziro ao m'caka ca 2020. Madokotala otere alikuipeza nthendayi pakati pa anthu a kuno, pamodzi ndi mbale wace woopsa koposa, wochedwa neuromyelitis optica, amene akonda kugwira maso ndi msana, ndipo sasankha khungu. Pa kudwala kwadzidzidzi kwa nthenda ziwirizi, mankhwala oyamba ndi amodzimodzi.

Tsono womvera ayerekeze mai wa zaka 28 wa ku mudzi wina wa ku Chadiza, wolima cimanga, nsawa ndi mpendadzuwa, amene mlongo wace agwira nchito pansi pa mgodi ku Mufulira. Tsiku lina mai uyu adzuka diso lamanzere lirikuwawa poliyendetsa, ndipo aona ngati m'nkhungu. Patapita miyezi diso licira lokha, koma miyendo icita dzanzi ndi kulemera, mkodzo ubvuta, ndipo popita kudambo ayenda dzandidzandi monga woledzera. Pamudzi mau acuruka. Nthenda imene ibwera ndi kucoka, imene lero iri m'diso mawa m'mwendo, anthu sacedwa kuiyesa ya kulodzedwa. Atataya nkhuku ndi mbuzi kwa asing'anga, abale apita naye ku cipatala ca boma ku Chadiza, kumene amtumiza ku Chipata, ndipo potsiriza pace, ndi ndalama za mlongo wace uja, ayenda ulendo wa makilomita oposa 500 kunka ku Lusaka. Madokotala ayamba apima matenda ena amene apuwalitsa miyendo mofananamo, ndiwo TB ya msana, HIV, cindoko ndi likodzo. Pakuti amenewa ndiwo acuruka kuno, ndipo ali ndi mankhwala aoao. Atatsimikiza, amuika dripi.

M'dripimo muli methylprednisolone, magalamu 1 pa tsiku, ndiwo mamiligalamu 1,000, kwa masiku 3 kufikira 5. Kuti kukula kwa muyeso umenewu kumveke, kuyenera kudziwa kuti thupi la munthu lipanga lokha steroid wace, dzina lace cortisol, m'tinthu tiwiri tating'ono tokhala pamwamba pa impso, tochedwa adrenal. Pa tsiku tipanga mamiligalamu 10 kufikira 20 okha. Methylprednisolone aposa cortisol mphamvu kasanu. Motero dripi ya tsiku limodzi iri ngati kuthira m'mwazi cimene thupi likadapanga m'masiku oposa 200. Mphamvu yonseyi igwetsa ukali wa asilikari a thupi aja ndi kuphwetsa kutupa kwa m'mitsempha. Wodwala amva kukoma kwa citsulo m'kamwa, nkhope itentha, tulo tisowa, cirungulira cimbvuta, mtima uthamanga. Wina akondwa kopitirira, wina akwiya kapena kulira popanda cifukwa. Zonsezi zitha patapita masiku kapena masabata ocepa. Ndipo kawirikawiri mai uja, amene anafika atanyamulidwa, ayamba kuimirira yekha.

Apa ndipo pagona cinyengo ca mankhwalawa, ndipo cinayamba pa tsiku lao loyamba lomwe. M'mwezi wa September 1948, pa Mayo Clinic ku America, Dokotala Philip Hench anapatsa cortisone mai wa zaka 29 amene anali cigonere ndi nyamakazi yoopsa. Patapita masiku ocepa maiyo anadzuka, nayenda, napita kukagula zinthu m'masitolo. Dziko lonse linazizwa, ndipo m'caka ca 1950 Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphotho ya Nobel. Koma posacedwa madokotala omwewo anaona odwala ao alikutupa nkhope, alikusokonezeka maganizo, ndipo polekeza mankhwala nyamakazi inabweranso. Pa nthenda ya mitsempha nkhani iri yomweyo. M'caka ca 1992 anaulutsa zotuluka m'kuyesa kwakukulu kwa ku America pa odwala 457 otupa mtsempha wa diso. Amene analandira dripi anayamba kuona msanga koposa anzao. Koma citatha caka, maso a olandira dripi ndi a osalandira anali kuona cimodzimodzi. Dripi ifulumizitsa kucira kwa kudwala kumodzi. Siicotsa nthenda m'thupi, ndipo siiletsa kudwala kwina kubwera. Nchito imeneyo iri ya mankhwala ena, amene wodwala alandira kwa zaka.

Anthu a m'makomboni adziwa kaloba. Munthu atenga ndalama lero, bvuto lace litha lero lomwe, ndipo akondwera. Koma mwini ndalama alikuwerenga, ndipo amene abwerera kwa iye mwezi ndi mwezi adzapeza tsiku lina kuti malipiro ace onse atha asanafike kunyumba. Dripi imodzi kapena ziwiri kawirikawiri sizisiya cirema. Coopsa cikula ndi kubwereza: dripi pa dripi, ndi mapiritsi pakati pace, caka ndi caka. Ndico cifukwa cace madokotala a ku Britain acenjeza kuti ndi bwino kusapitirira katatu pa caka cimodzi, ndiponso sapereka dripi pa dzanzi liri lonse, koma pa kudwala kumene kulepheretsa munthu kuona, kuyenda kapena kugwira nchito. Apimanso mkodzo poyamba, popeza matenda a m'cikhodzodzo kapena malungo akhoza kuutsa zizindikiro zakale ngakhale nthenda yeniyeniyo iri cete. Pamenepo steroid angoonjeza bvuto.

Ngongole yowawa koposa ilipidwa ndi ciuno. Pfupa la nchafu liri ndi mutu wozungulira umene ulowa m'mbale ya ciuno, ndipo mutu umenewu udyetsedwa ndi timitsempha ta mwazi tocepa ndi tating'ono. Steroid wambiri acurukitsa mafuta m'kati mwa pfupa ndi m'mwazi, timitsemphato titsekeka, ndipo gawo la mutu wa pfupa lifa ndi njala. Kufa kumeneku sikumveka tsiku lomwelo. Pfupa lakufa likhalabe m'malo mwace lirikunyamula thupi, monga mtengo wa denga umene ciswe caudya m'kati koma kunja uoneka wabwino. Papita miyezi, kapena caka, kapena zaka ziwiri, ndipo mai uja, amene anaiwala kale za dripi ya ku Lusaka, ayamba kumva kuwawa m'mphecepece, kapena m'thako, nthawi zina m'bondo. Kuwawako kukula ponyamula mtsuko wa madzi, pokwera njinga, ponjuta kuti asonkhe moto. Pambuyo pace kumuutsa ndi usiku womwe. Kawirikawiri mbali zonse ziwiri zigwidwa, ina patsogolo ina pambuyo.

Cimene cicititsa cisoni ndi ici, kuti pali njira zitatu zosokerera, ndipo zonse zioneka zanzeru. Wodwala mwini ayesa kuti nthenda yace ya mitsempha yabweranso, napempha dripi yina, imene ndiyo ionjeza moto. Wa pa kiliniki ya kumudzi, amene sanauzidwe mbiri ya steroid, ayesa nyamakazi wamba ya anthu olima, napereka mapiritsi oletsa kuwawa. Ndipo X-ray, ikajambulidwa pa ciyambi, isonyeza pfupa labwinobwino, pakuti pa nthawi imeneyo ndi MRI yokha imene iona gawo lakufalo. Pofika tsiku limene X-ray isonyeza kanthu, mutu wa pfupa wayamba kale kuphwanyika ndi kuphwatalala. Cikhala cikapezeka msanga, madokotala akhoza kupepuza katundu wa mwendowo ndi ndodo, kuleka steroid ngati nkotheka, ndi kuboola pfupa kuti mwazi upeze njira. Mutu ukaphwanyika, cotsala ndico opareshoni yaikulu yoika mfundo ya citsulo, imene sicitika pa cipatala ciri conse, ndipo mtengo wace ndi wolemetsa banja. Mai wa zaka 30 wosatha kugwira khasu, m'mudzi mmene cakudya cicokera ku khasu, ndiye katundu amene adzagwera mlongo wace wa ku Mufulira moyo wace wonse.

Izi si nthano ai. M'caka ca 2003, pamene nthenda ya SARS inagwa ku Hong Kong ndi ku Beijing, odwala ambiri, ena a iwo anamwino ndi madokotala, anapulumutsidwa atalandira steroid wocuruka kwa masiku ambiri. Ndipo patapita miyezi ambiri a iwo anapezeka ndi mafupa akufa m'ciuno ndi m'maondo. Pali zinthu zina ziwiri zimene zipha mutu wa pfupa mwa njira yomweyo, ndizo mowa wambiri ndi nthenda ya mwazi ya sickle cell. Munthu amene analandira steroid nakhalanso wokonda kacasu alikusenzetsa ciuno cace akatundu awiri.

Mafupa ena nawonso acepa mphamvu pang'onopang'ono, makamaka mwa iwo amene amwa mapiritsi kwa miyezi. Steroid aletsa thupi kumanga pfupa latsopano, ndipo wodwala wosayendayenda ataya pfupa msanga koposa. Mfundo za msana zikhoza kutifuka popanda kugwa konse, munthu nafupika ndi kuwerama asanakalambe. M'maso mukhoza kumera ng'ala, imene icotsedwa ndi opareshoni. Koma pali bvuto lina la kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso, limene lidya kupenya mwakacetecete ndipo cimene ladya sicibwerera. Kwa munthu amene mtsempha wa diso unapweteka kale, kumeneku ndi kutaya kuwiri. Shuga akwera m'mwazi pa masiku a dripi, ndipo mwa ambiri atsikanso. Koma mwa ena, makamaka onenepa ndi a m'banja la shuga, akhazikika. Ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse ndizo zizindikiro zace.

Pali mau apadera kwa anthu a ku migodi. Popeza steroid agonetsa asilikari a thupi, adani amene anali m'ndende amasuka. Anthu ambiri a dziko lino ali ndi tizirombo ta TB togona m'mapapo osadziwa, ndipo amene anapuma pfumbi la miyala pansi pa mgodi kwa zaka, mapapo ao agwidwa ndi TB msanga koposa a anthu ena. Munthu wotere akapatsidwa steroid kwa nthawi yaitali, pa cifukwa ciri conse, anene poyera kuti anagwira nchito pansi. Cimodzimodzinso amene ali ndi HIV, kapena nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, imene ikhoza kuuka mwaukali. Palinso kanyongolotsi kena ka m'matumbo, dzina lace Strongyloides, kamene kalowa pa khungu la mapazi mwa oyenda opanda nsapato m'dothi lonyowa; kakhoza kukhala cete zaka zambiri, koma steroid akafika kaswana ndi kufalikira thupi lonse, ndipo kapha. Mankhwala ace, ivermectin, ndi apafupi, malinga dokotala wakumbuka.

Tsopano nkhani ibwerera kwa mwamuna wa ku Mufulira uja, pakuti colakwa cacikulu kawirikawiri cicitika ndi dzanja la cikondi. Mai atabwerera ku Chadiza ndi mapiritsi a prednisolone a masabata ocepa, aona kuti masiku amene amwa amva mphamvu, adya bwino, ndipo thupi libwera. Mapiritsi atatha aimba foni nati, "Alongo, timankhwala tija toyera tating'ono ndito tinandithandiza, mundigulireko kumeneko." Ulendo wa ku Lusaka ndi wodula, timapiritsito ntochipa, ndipo alipo ogulitsa amene safunsa kalata ya dokotala, ngakhale lamulo la mankhwala la caka ca 2013, limene linakhazikitsa bungwe la ZAMRA, liriko. Mlongoyo agula, natumiza pa basi. Patapita miyezi nkhope ya mai ikhala yozungulira ngati mwezi, mimba ndi kumbuyo kwa khosi zinenepa pamene miyendo irikuonda, pamimba paoneka mizera yofiirira, ndipo khungu licita mabala ndi kukhudza kocepa. Apamudzi ati, "Wanenepa, wacira." Kunena zoona kumeneko si kunenepa kwa thanzi konse, ndi maonekedwe amene Dokotala Harvey Cushing anafotokoza m'caka ca 1932, a thupi lomira mu steroid. Ndipo akazi a m'matauni adziwe kuti mafuta ambiri oyeretsa khungu ali ndi mankhwala a mtundu womwewu, monga clobetasol ndi betamethasone, amene alowa m'mwazi akadzoledwa thupi lonse kwa zaka.

Koma womvera amene wazindikira mbale wace m'mau awa asathamange kukamlanda mapiritsi lero lomwe. Pamenepo pali dzenje lina. Tinthu tija ta pamwamba pa impso, tikaona kuti steroid alikubwera kucokera kunja kwa masabata oposa atatu, tileka nchito yao ndi kufota. Ndipo kuti tidzukenso pafunika miyezi, mwa ena kufikira caka. Munthu wotere akaleka mapiritsi mwadzidzidzi, thupi likhala lopanda cortisol konse: afooka, asanza, acita cizungulire, mwazi uleka kuyenda ndi mphamvu, ndipo akhoza kukomoka ndi kufa, makamaka akagwidwa ndi malungo kapena kutsegula m'mimba pa masiku omwewo. Njira yace ndiyo kupita ku cipatala ndi mapaketi onse m'manja, kunena zoona za miyezi imene wamwa, ndipo dokotala adzatsitsa muyeso pang'onopang'ono.

Asayesenso munthu kuti steroid ndi poizoni woyenera kukanidwa. Pa neuromyelitis optica kucedwa kwa masiku ocepa kukhoza kusiya munthu wakhungu kapena wopuwala mpaka imfa, ndipo kumeneko dripi ifunika msanga ndithu. Odwala ambiri a nthenda imeneyo ayenera kumwa prednisolone pang'ono kwa nthawi yaitali pamodzi ndi mankhwala ena monga azathioprine, dokotala alikuyang'anira. Ndiponso m'mwezi wa June 2020 kuyesa kwa ku Britain kunasonyeza kuti dexamethasone, steroid wochipa, mamiligalamu 6 pa tsiku kwa masiku osapitirira 10, anacepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala Covid-19 amene anali pa makina opumira. Cosiyanitsa ndi muyeso, nthawi, ndi diso la munthu wodziwa. Madokotala a ku France anasonyezanso m'caka ca 2015 kuti pa multiple sclerosis muyeso waukulu uja wa masiku atatu ugwira nchito mofanana ukamwedwa pakamwa. Ici cipepuza ulendo ndi kugona m'cipatala, koma mafupa awerenga mamiligalamu cimodzimodzi, alowe pa mkono kapena pakamwa.

Cimene banja likhoza kucita ncocepa mtengo. Ku Britain wodwala womwa steroid apatsidwa kakhadi koyenda nako. Ku Chadiza kabuku ka sukulu kakwanira. M'menemo mulembedwe dzina la mankhwala, muyeso wace, tsiku loyamba ndi lotsiriza la dripi iri yonse, ndi mapiritsi onse, ogula pa sitolo omwe. Pakuti wodwala amene aonedwa lero ku Chadiza, mawa ku St Francis ku Katete, mkuja ku Chipata kapena ku Lusaka, palibe dokotala mmodzi amene adziwa kuculuka kwa zonse zimene analandira, koma kabukuko kokha. Wodwala adye kapenta ndi minga yace yomwe, mkaka ukapezeka, nkhwani ndi bonongwe. Aothere dzuwa, ayende monga akhoza, aleke fodya ndi mowa. Apimitse shuga, kuthamanga kwa mwazi ndi maso. Ndipo kuwawa kwa m'mphecepece kukayamba, cinkana papita zaka ziwiri cilandirire dripi, asadikire kuti ayambe akolola. Apite ndi kabuku kace, ndipo mau ace oyamba kwa dokotala akhale akuti analandira steroid wambiri, caka cakuti, kangati. X-ray ikatuluka yoyera koma kuwawa kulipobe, apemphe kalata yomtumiza kumene kuli MRI, ndipo ndalama za mlongo wace za mwezi umenewo zipite ku tikiti ya basi.